Mpweya wa m'matayala ndi kasungidwe ka njinga nthawi ya chisanu

Mlendo_Dublin: Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni pa njinga yopitira ku ntchito. Matayala ndi a 700 x 35 (35 ndi kunenepa kwake mu mamilimita), a chubu, ndipo ine, chikwama ndi njingayo tikukwana makilo 85. Tayala likapopedwa madzulo m'nyumba limakhala gwa, koma m'mawa panja likumveka lofewa. Chubu chamizidwa m'madzi, palibe thovu ngakhale limodzi. Mpweyawu ukupita kuti? Chachiwiri, malo osungira ndi shedi ya malata kuseri kwa nyumba, denga lake limachita thukuta usiku. Kodi njinga ingathe nyengo yonse mmenemo?

Makaniko_Leeds: Takulandirani achimwene. Mpweya sukupita kulikonse, uli momwemo, wangofooka ndi kuzizira. Mpweya ukazizira umakankha makoma a chubu mochepa. Masamu ake ndi awa. Pa nambala ya pa geji yoyezera mpweya, yomwe imawerenga mu muyeso wotchedwa psi, onjezani 14.7, yomwe ndi mphamvu ya mpweya wa panja. Pa madigiri onjezani 273. Ndiye mukapopa 60 psi m'chipinda cha 20°C, muli ndi 74.7 pa 293. Mukatulukira panja pa 0°C, chulukitsani 74.7 ndi 273, gawani ndi 293, mupeza 69.6. Chotsaniponso 14.7 uja, geji iwerenga pafupifupi 55 psi. Mwataya 5 psi popanda chibowo. Tayala lowonda la 80 psi limatsika kufika pa 73 kapena 74. La 45 psi lopopedwa pa 20°C likakumana ndi -5°C limatsala pa 40.

Kuwonjezera apo, chubu cha labala wakuda chimatulutsa mpweya pang'onopang'ono ngakhale chili chatsopano. Pa sabata mutha kutaya 5 psi kapena kupitirira pa tayala lowonda. Ziwirizi zikaphatikizana ndi pamene munthu amayamba kukayikira chubu chosalakwa.

Sipoko36: Ndipo ndionjezere kuti chala chimanama m'nyengo ino. Labala akazizira amauma, chala chanunso chachita dzanzi, ndiye kutsina tayala sikukuuzani chilichonse. Gulani geji. Pampu yoponda pansi yokhala ndi geji ikukwanira pa matayala a 35. A matayala onenepa ofuna mpweya wochepera 30 psi agule geji yapadera ya manambala, chifukwa singano ya pa pampu yowerenga mpaka 160 psi siyiona kusiyana kwa 22 ndi 26. Pampu zina zimalemba bar m'malo mwa psi, 1 bar ndi 14.5 psi.

Mlendo_Dublin: Ndiye kuti ndizingopopa mopitirira ndi 5 psi ndikakhala m'nyumba?

Makaniko_Leeds: Ayi, apa ndi pamene ambiri a ife ochokera kumudzi timasokonekera. Tinazolowera kupopa mpaka tayala lizilira ngati ng'oma, chifukwa njinga ya kwathu imasenza thumba la chimanga kapena munthu pa kaliyala, pa msewu wouma. Pamenepo nzeru imeneyo ndi yoona, wakabaza akafewetsa tayala la kumbuyo limu imaluma chubu. Koma pa tala yonyowa ya Disembala, tayala la gwa limagunda pansi pa kachigawo kakang'ono, ndipo likakumana ndi timiyala limadumphadumpha m'malo mokumbatira msewu. Kanthawi komwe lili m'malere siligwira kanthu. Pokhota ndi pamene mumazindikira.

Ndiye kutsika kwa 5 psi kuja, kwa munthu amene ankapopa kwambiri kale, kukumuthandiza. Chofunika ndi kudziwa nambala yomwe mukufuna panja, pamene mukupalasa, osati m'khitchini. Poyambira, ngati munthu, njinga ndi katundu zikukwana makilo 85, pa matayala a chubu, pa msewu wonyowa:

28 mm: kutsogolo 65, kumbuyo 72
32 mm: kutsogolo 52, kumbuyo 58
35 mpaka 38 mm: kutsogolo 44, kumbuyo 50
47 mpaka 50 mm: kutsogolo 32, kumbuyo 36

Kumbuyo kumachuluka chifukwa ndi kumene kumagwera kulemera kochuluka, kuposa theka. Pa makilo 10 aliwonse owonjezera ikani 4 kapena 5 psi pa matayala owonda, 3 pa onenepa, ndipo ngati katunduyo ali pa kaliyala muonjezere kumbuyo kokha. Inuyo a ku Dublin, popani 48 kutsogolo ndi 54 kumbuyo m'nyumba, mukatuluka zikhala pafupi ndi 44 ndi 50.

Tcheni_cha_Joni: A Makaniko, ndikutsutseni pang'ono. Manambala anuwo ndi abwino pa matayala ofewa m'mbali. Koma ambiri oyenda pa njinga ku ntchito amaika aja olimba osaboka wamba, monga Schwalbe Marathon Plus. Amenewo m'mbali mwake munalembedwa malire awiri, apamwamba ndi apansi, ndipo apansiwo amakhala okwera. Mukamayenda nalo pansi pa malirewo, m'mbali mumapindikapindika mpaka mumachita ming'alu, tayala kutha mano asanadyeke. Munthu ayambe wawerenga m'mbali mwa tayala lake. Ngati palembedwa kuti lisachepere 50, kutsogolo kusakhale 44.

Makaniko_Leeds: Mwanena zoona akulu, ndinasiya mfundo yofunika. Malire apansi olembedwa pa tayala ndi amene akulamula. Amene akufuna kufewetsa kuposa pamenepo asinthe tayala, agule lonenepa ngati felemu ndi madigadi zikulola. Siyani mpata wa mamilimita 6 kapena kuposa pakati pa tayala ndi madigadi, chifukwa matope ndi sinowo zimaunjikana mmenemo gudumu n'kugwira.

Sipoko36: Mudziwa bwanji kuti mwafewetsa mopitirira? Zizindikiro ndi zitatu. Pokhota tayala la kumbuyo limamveka ngati likupotokola pansi panu. Pokwera kachitunda ka m'mbali mwa msewu mumamva limu ikugunda, kho. Ndipo mukachotsa chubu chophwa mumapeza timabowo tiwiri toyandikana ngati pomwe yaluma njoka, m'mbali mwa chubu. Timeneto si minga, ndi limu yomwe yapana chubu pa mwala kapena m'mphepete mwa dzenje. Nyengo ino maenje amachuluka chifukwa madzi amalowa m'ming'alu ya tala, kuundana, kutupa, n'kuiswa, ndipo maenjewo amabisala pansi pa zithaphwi. Mukaona mabowo awiriwo onjezani 5 psi. Bowo limodzi pamwamba ndi galasi kapena kamwala kakuthwa. Madzi amathandiza galasi kucheka labala, n'chifukwa chake matayala amabooka kawirikawiri mvula ikamagwa. Kamodzi pa sabata zunguzani gudumu pang'onopang'ono, muzitokosola timagalasi tomwe talowa m'mano ndi kansonga ka sipoko yakale tisanafike pa chubu.

MayiWaGlasgow: Abale, zonsezi zili bwino pa msewu wonyowa, koma tisanamizane za ayisi. Pa madzi oundana, tayala wamba siligwira ngakhale mulifewetse bwanji. Woopsa ndi uja wosaoneka, tala imangooneka ngati yanyowa. Amapezeka pa milatho chifukwa mphepo imadutsa pansi ndi pamwamba, m'njira za m'mbali mwa mitsinje ndi ngalande, pansi pa mitengo pomwe dzuwa silifika, ndi pomwe madzi amadutsa msewu kuchokera m'munda. Musadalire nambala ya pa foni. Imeneyo ndi ya mpweya wa m'mwamba pang'ono, nthaka imazizira kuposa pamenepo usiku wopanda mitambo. Foni ikanena 3°C m'mawa kumwamba kuli mbee, yembekezerani ayisi. Makhonsolo amathira mchere wosungunula ayisi m'misewu ikuluikulu ndi ya mabasi poyamba, njira zambiri za njinga sizithiridwa. Tsiku lotero msewu wa mabasi ndi wabwino kuposa kanjira ka m'paki.

Njira yeniyeni ndi matayala a timisomali, monga Schwalbe Marathon Winter Plus kapena Continental Contact Spike. Nsonga zake ndi za chitsulo cholimba kwambiri. Akakhala atsopano muyende nawo makilomita 40 pa tala youma, modekha, osamanga mabuleki mwadzidzidzi, kuti timisomali tikhazikike m'mabowo mwake. Mukapanda kutero timazuka. Mpweya wake umasinthidwa malinga ndi tsiku: kukakhala ayisi tsitsani kufika pa malire apansi kuti mizere ya m'mbali igunde pansi, kukakhala kouma kwezani kuti phokoso ndi kulemera zichepe. Amalira ngati mukukazinga chimanga, muzolowere.

Mlendo_Dublin: Ndi okwera mtengo amenewo mayi. Limodzi lokha lingathandize?

MayiWaGlasgow: Ngati ndalama ikukwana limodzi, liikeni kutsogolo. Gudumu la kumbuyo likaterereka mumatha kuponda pansi, la kutsogolo likaterereka mumangopezeka muli chapansi musanaganize n'komwe. Koma dziwani kuti pokwera chitunda kumbuyo kuzizungulira pamodzimodzi. Ku Dublin masiku a ayisi si ambiri, mwina kungokwera basi masiku amenewo kungakutsikireni mtengo. Ochenjera amasunga gudumu la kutsogolo lachiwiri lovekedwa kale tayala la timisomali, kusintha kwake mphindi ziwiri. Chenjezo lina: timisomali sitigwira pa zitsulo, monga zivundikiro za ngalande ndi njanji za tramu, sitima zoyenda m'misewu ya m'tauni. Njanji muzizidutsa mopingasa, osati mozitsata.

Wa_ku_Calgary: Kuno -20°C si nkhani, ndiye masamu a Makaniko amaluma kwambiri. Tengani njinga za matayala onenepa zedi zoyenda pa sinowo, zomwe zimafuna 8 psi. Mukapopa 8 m'nyumba ya 20°C n'kutuluka pa -20°C, geji iwerenga pafupifupi 5. Mwataya 3 psi yokha, koma ndiko kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Njira yake: tulutsani njinga, idikire panja mphindi 15 kapena 20, ndiye muyese ndi kukonza. Kapena popani mopitirira m'nyumba, mukaphwetse panja, chifukwa kuphwetsa ndi magolovesi n'kosavuta kusiyana ndi kupopa.

Pali mbali ina imene anthu saiganizira. Mukapopa panja pozizira mpaka malire apamwamba n'kulowetsa njinga m'nyumba yofunda, mpweya umakwera. 85 psi ya pa -10°C imafika 96 pa 20°C, ndipo pafupi ndi hita imapitirira. Ovutika kwambiri ndi a malimu atsopano opanda mkombero wokola tayala, aja amati hookless, omwe malire ake ndi 72.5 psi. Kupopa 70 pa 0°C n'kulowa m'nyumba, mwafika 76. Tayala lingavuuke pa limu.

Sipoko36: Pa nkhani ya timabotolo ta CO2 topopera pa msewu: timathandiza kufika kunyumba basi. Mpweya umenewo umadutsa labala wa chubu mofulumira kuposa mpweya wamba, mawa lake mupeza tayala lafota. Mukafika phwetsani lonse, mupopenso ndi pampu. Pozizira kabotolo kamakhala kofooka, kasungeni m'thumba la mkati mwa jekete, ndipo musakagwire ndi dzanja lamanjamanja potsegula, kamaundana mpaka kumata khungu. Kumata chubu pa msewu pa 0°C nakonso n'kovuta, solushoni amachedwa kuuma ndipo chigamba sichigwira pa chubu chonyowa. Nyamulani machubu awiri, obookawo mukamatire pa tebulo kunyumba.

Tcheni_cha_Joni: A matayala opanda chubu asaiwale mankhwala a mkati otseka mabowo aja. Ambiri ndi a madzi ndi utomoni wa labala, ndiye kuzizira kwambiri kumawalimbitsa ndipo amachedwa kutseka bowo. Botolo limalemba malire a kuzizira komwe angapirire, werengani. Yambani nyengo ndi atsopano: mamililita 60 pa tayala la 35 mpaka 40 mm, 90 mpaka 120 pa la njinga ya m'mapiri. Pakatha miyezi itatu chotsani kamtima ka vavu, lowetsani kachingwe ka pulasitiki muone ngati mukadali madzi.

Kuno ku Joni nkhani ndi yosiyana, ndinene kwa amene ali kuno. Chisanu chathu cha Juni ndi Julayi ndi chouma, mchere m'misewu mulibe. M'mawa kumatha kukhala 2°C, masana 18°C, kusiyana kwake pa tayala la 50 psi ndi pafupifupi 4 psi basi. Mdani ndi fumbi ndi minga, osati dzimbiri. Oyilo wolemera wa ku Ulaya kuno angosanduka phala lakuda pa tcheni. Chimodzimodzi ku Dedza kapena ku Mzuzu mwezi wa Julayi: tayala kufewa pang'ono m'mawa si chifukwa chothamangira kwa omata.

Mlendo_Dublin: Zamveka bwino. Nanga shedi ija?

Makaniko_Leeds: Kuzizira pakokha sikuwononga njinga. Chitsulo, aluminiyamu, kaboni, labala, zonsezi zimapirira -10°C popanda vuto. Chimene chimadya njinga ndi madzi ndi mchere wa m'misewu. Shedi youma yozizira ndi yabwino kuposa chipinda chofunda chomwe njinga imalowa yonyowa. Yanuyo vuto lake ndi thukuta la malata: mpweya wachinyezi ukagunda lata lozizira umasanduka madontho n'kumagwera pa njinga usiku wonse. Konzani zitatu. Boolani kapena tsegulani mipata iwiri yolowera mphepo, wina m'munsi wina m'mwamba ku mbali zosiyana. Matani mabolodi opyapyala kapena zofunditsira denga kunsi kwa malatawo. Ndipo njinga isaime pa simenti yonyowa, ikani thabwa kapena mphasa ya labala.

Osaifunditsa pepala la pulasitiki lofika pansi. Limatsekera chinyezi cha m'nthaka mkati, njinga imakhala ngati ili mu mphika wovundikira. Chofunda chikhale chopuma, chisiye mpata wa chikhatho chimodzi kuchokera pansi, ndipo chivekedwe njinga itauma.

Sipoko36: Nanga kulowetsa ndi kutulutsa tsiku ndi tsiku? Apa anthu amakangana.

Wa_ku_Calgary: Zimatengera ngati njingayo ikhala ndi nthawi youma. Chitsulo chozizira chikalowa m'nyumba yofunda chimachita thukuta kunja ndi mkati mwa mapaipi a felemu, ngati botolo lochokera mu filiji. Sinowo wa m'magiya amasungunuka, madzi amalowa m'mapaipi a makebulo. Mukaitulutsanso isanaume, madziwo amaundana: buleki imakana kukokeka kapena imakokeka osabwerera, magiya amangokhala pamodzi. Usiku wonse m'nyumba, maola 8 kapena 10, imauma ndipo palibe vuto. Kulowetsa kwa ola limodzi ndiye koipa. Kumene kumakhala pansi pa 0°C masabata ambiri, kuisiya m'galaja yozizira nthawi zonse, mutasasa sinowo ndi burashi, kuli bwino. Ku Ireland ndi ku Britain kumene kumaundana usiku n'kusungunuka masana, kuyanika ndiko kofunika kwambiri.

China chimene chimadabwitsa anthu: mukupalasa, mapedulo akuzungulira, koma njinga siikupita. Mkati mwa fuliwiro muli timeno tokhala pa timasipuling'i tomwe timakola gudumu. Girisi wolemera akalimba ndi kuzizira, kapena madzi akaundanamo, timenoto timagona osadzuka. Pa msewu, kwezani gudumu muligwetse pansi kangapo, nthawi zina timadzuka. Kunyumba tsegulani, pukutani girisi wakale, ikani oyilo wolemererapo pang'ono kapena girisi wopepuka kwambiri. Musathirepo madzi otentha, akaundanso pakapita mphindi zochepa.

MayiWaGlasgow: Za mchere tizinene bwino chifukwa ndi umene umatha matcheni kuno. Njinga ikasiyidwa Lachisanu madzulo itayenda mu msewu wothiridwa mchere, Lolemba tcheni chimakhala chofiira ndi dzimbiri, mfundo zina zitauma. Ntchito ya mphindi zisanu pofika: thirani madzi ozizira kapena ofunda pang'ono ndi chitini chothirira maluwa, kuyambira pamwamba, makamaka pa mabuleki, magiya ndi kunsi kwa felemu. Makina opopera madzi mwamphamvu ayi, amakankhira madzi m'mabelingi a habu ndi a pakati pa mapedulo. Pukutani tcheni ndi kansanza mukuzunguza mapedulo chambuyo. Chikauma, dontho limodzi la oyilo wa nyengo ya mvula pa mfundo iliyonse, mkati mwa tcheni, zunguzani kangapo, dikirani mphindi zisanu, pukutaninso kunja konse. Oyilo wotsala kunja sagwira ntchito, amangoitana mchenga. WD-40 wamba, mankhwala opopera aja, amathamangitsa madzi bwino, koma ndi wopepuka, mvula imodzi wachoka. Mutsatize oyilo weniweni.

Samalani kuti utsi wa zopoperazi usafike pa mbale za mabuleki. Zikadetsedwa pukutani ndi spiriti ya isopropyl. Mapadi akamwa oyilo amalira ndipo sagwira, ambiri sabwereranso, n'kungosintha. Mapadi a mbale asinthidwe chodyekacho chisanatsale theka la milimita. A mabuleki ogwira pa limu azichotsa timiyala tolowa m'labala, chifukwa timapala limu mpaka khoma lake kupyapyala, ndipo limu yodyeka imang'ambika ndi mphamvu ya mpweya wa m'tayala womwewo. Ikani lula m'mbali mwa limu, mukaona yalowa ngati supuni, yatha.

Sipoko36: Ndipo kageji koyezera tcheni n'kotsika mtengo kuposa mano a kumbuyo. Pa magiya 11 kapena 12 sinthani tcheni chikatamuka kufika 0.5 pa kagejiko, pa magiya 10 kutsika m'munsi 0.75. Nyengo ya mchere ndi mchenga chimafikapo msanga. Timanati ta masipoko ta aluminiyamu timadyeka ndi mchere mpaka kuphwanyika, ta mkuwa timapirira. Dontho la oyilo pa kalikonse kumayambiriro kwa nyengo limathandiza.

Makaniko_Leeds: Tsopano kwa amene akuimika njinga kuyambira Novembala mpaka Malichi osaikwera. Itsukeni, iume tsiku lathunthu. Zulani paipi ya chishalo, tembenuzani njinga madzi a mkati atuluke, muone ngati kabowo ka kunsi kwa felemu, pakati pa mapedulo, sikanatsekeke ndi matope. Pakani girisi pa paipiyo musanaibwezere. Paipi ya aluminiyamu mu felemu ya chitsulo, pakakhala madzi a mchere pakati, zimamatana mpaka pofunika kucheka. Ngati paipi kapena felemu ndi ya kaboni, pakani phala lake lapadera, osati girisi. Ikani tcheni pa giya laling'ono kutsogolo ndi kumbuyo kuti masipuling'i apume.

Matayala asaphwe. Njinga ikaima pa tayala lophwa miyezi itatu, m'mbali mumapindika pamalo amodzi n'kung'aluka, ndipo la opanda chubu limasiyana ndi limu mankhwala n'kuuma. Popani kamodzi pa mwezi, muzunguze gudumu liime pena. Kuipachika pa mbedza ndi gudumu la kutsogolo kuli bwino, limu siipindika ndi zimenezo. Ya mabuleki a mafuta ikapachikidwa choimirira kapena chadodolido, ngati munali kathovu ka mpweya m'thanki ya pa chogwirira kamatha kusamukira mu paipi. Mukaitsitsa finyani mabuleki kangapo musanakwere. Akakhala ofewabe, akufunika kuchotsa mpweya, ndipo vutolo linalipo kale, mbedza yangoliulula. Labala amadananso ndi dzuwa la pa windo, hita, ndi mamota a magetsi omwe amatulutsa mpweya wa ozone. Matayala osungira akhale pamdima, kutali ndi petulo ndi penti.

Batire48V: Za njinga za magetsi sizinanenedwe, ndipo abale ambiri operekera zakudya m'matauni ndi zimene akuyendera. Njinga igone mu shedi, koma batire lilowe m'nyumba. Lamulo lalikulu: musatchaje batire la lithium lili pansi pa 0°C. Likatchajidwa lozizira choncho, lithium amaunjikana ngati chitsulo mkati mwa maselo m'malo molowa mwake. Mphamvu imachepa osabwereranso, ndipo zounjikanazo zingaboole chotchinga cha mkati n'kuyambitsa moto. Mukafika kuchokera kozizira lisiyeni ola limodzi kapena awiri lifunde, lipukuteni, ndiye mulumikize chaja. M'mawa liikeni pa njinga pomwe mukunyamuka, lofunda kale. Mtunda umachepa pozizira, koma umenewo umabwerera nyengo ikafunda.

Posunga nthawi yaitali, a kampani ya Bosch, yopanga mabatire a njinga, amalangiza kuti likhale ndi moto wa pakati pa 30 ndi 60 peresenti, pamalo ouma, ofunda ngati chipinda chokhalamo. Lodzaza limakalamba msanga, lopanda kanthu lingatsike mpaka kukana kutchajanso. Liyang'aneni pakatha miyezi iwiri iliyonse. Pomwe limalumikizana ndi njinga phimbani kuti madzi asalowe. Ozimitsa moto a London Fire Brigade akhala akuchenjeza kuti musatchaje mukugona kapena mutachoka, musatchajire m'kolido kapena pakhomo pomwe ndi pothawira, ndipo mugwiritse ntchito chaja yake yeniyeni. Batire lotupa, lonunkha kapena lotentha modabwitsa lisalowe m'nyumba.

MayiWaGlasgow: Okhala m'nyumba zosanja, masitepe ogawana si malo osungira. Eni nyumba ambiri amaletsa chifukwa ndi njira yothawira moto, komanso ndi kumene akuba amayamba kuyang'ana. Ku Glasgow, Edinburgh ndi London makhonsolo anaika timashedi tachitsulo m'mbali mwa misewu tolowa njinga zisanu ndi imodzi, tolipira. Mndandanda wa odikira umakhala wautali, lembetsani msanga. Mkati mwake mangani njinga ndi loko ngati ili panja. A inshulansi ambiri amafuna loko wa mlingo wa Sold Secure, bungwe loyesa kulimba kwa maloko, wogwirizana ndi mtengo wa njinga, womangidwa ku chinthu chosasuntha, ngakhale mu shedi ya kwanu. Werengani pepala lanu. Bowo la kiyi pa loko likhale loyang'ana pansi kuti madzi asalowe, ndipo muthiremo kadontho ka oyilo wa maloko chisanu chisanayambe. Akaundana musakakamize kiyi, amathyokeramo. Mufungatireni m'manja kapena thiranimo mankhwala osamba m'manja a spiriti aja, amasungunula.

Sipoko36: Nyali nazonso ndi mabatire, zimatha msanga pozizira, ndiye zilowe m'nyumba. Ku Britain lamulo limafuna yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo kuyambira dzuwa kulowa mpaka kutuluka, kuphatikizapo chonyezimira chofiira kumbuyo ndi zachikasu pa mapedulo. Ku Glasgow mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

Mlendo_Dublin: Ndawerenga m'mbali mwa tayala, palembedwa 50 mpaka 85 psi. Ndiye 44 ija siitheka. Nditani?

Makaniko_Leeds: Khalani pa 50 kutsogolo ndi 55 kumbuyo poyeza panja. Mukamapopera m'nyumba yofunda kunja kuli pafupi ndi 0°C, ikani 55 ndi 60. Yesani ndi geji Lamlungu lililonse madzulo. Tayala limenelo likatha, yezani mpata wa pansi pa madigadi, ngati 40 mm ikulowa gulani limenelo, lokhala ndi malire apansi otsikirapo.

Tcheni_cha_Joni: Ndipo vavu muiyang'ane. Ngati ndi yowonda ija ya Presta, kamtima kake kamamasuka nthawi zina pochotsa pampu, ndipo kudontha kwake sikuoneka mukamiza chubu chokha vavu ili kunja kwa madzi. Pakani malovu kapena madzi a sopo pamwamba pake tayala lili lopopa. Likachita thovu, mangitsani kamtimako ndi kapulayala pang'ono chabe.